Laputopu Yolemba Yokha Pabalaza

Mkulu wina anagwira ulonda zaka makumi atatu, nyumba n'kumanga ndi thukuta lake, koma mkazi wake atangomwalira, mwana wake ndi mpongozi anamusamutsira pabalaza, chipinda chake n'kuunjikamo katundu. Kuthokoza kwa ana ophunzira n'kumeneko. Ankagona pamphasa, pafupi ndi tebulo pomwe mwana wake, kalaliki wa kukampani, ankasiya laputopu ili chitsegulire.

Usiku wina anadzidzimuka ndi kaphokoso konga munthu wopumira m'mano. Inali fani ya laputopu. Sikirini inayaka yokha, kuwala kozizira kukugwera pakhoma, ndipo zilembo zinayamba kutuluka chimodzichimodzi popanda chala chokhudza mabatani.

M'mawa mpongozi anawerengera mwamuna wake mawuwo: "Ndine mayi ako. Bambo ako ndiwo anandidya."

"Ndi vayirasi," anatero kalaliki, maso ali pansi.

Anaipititsa kwa mayi wokonza makompyuta wa pakona. Mayiyo anafufuta zonse n'kuikamo mapulogalamu atsopano. Usiku wotsatira, mdima uli bii, fani inapumanso, mawu aja n'kubwerera. Mayiyo anasintha kiyibodi, poti mabatani othiridwa tiyi amamatirira. Anayang'ananso batire, poti likafufuma limakankha mabatani kuchokera pansi. Linali bwinobwino. Usiku wachitatu inalembanso.

Mphekesera inathamanga kuposa moto wolusa. Ena ankati mkuluyo amayankhula ndi makinawo pakati pa usiku, ena ankati anamuona akuwagwadira. Azimayi ankaitana ana awo akamuona. Mpongozi anamupatulira mbale yakeyake. Abale anagwirizana zokumana Loweruka kuti amuchotse panyumbapo.

Lachisanu mkuluyo anadzikoka yekha mpaka pakona.

"Mwanawe, makina amalota?"

"Agogo, akanamalota bwenzi ine ndili sing'anga," anaseka mayiyo, kenako n'kutsitsa mawu. "Kuno laputopuyo imagona tulo ngati khanda. Ikalemba, pali chala penapake. Ikadzayamba, mudzapapase timabowo ta m'mbali."

Usiku umenewo sanatseke maso. Anamva mpopi ukudontha kukhitchini, malata akuthetheka pozizira, galu akuuwa kutali n'kuleka. Kenako fani, fuuu. Sikirini inamuwalira kumaso, tsitsi lake n'kuima. Koma makutu a mlonda sakalamba. Pansi pa kupuma kwa faniyo ankamva kena: tapa, tapa, kuseri kwa khoma. Kukati tapa uko, chilembo n'kutuluka kuno.

Anakwawa, napapasa m'mbali mwa laputopu. M'kabowo kena munakanirira kanthu kakang'ono ngati nkhupakupa. Anakazula ndi zikhadabo.

Mawu a pasikirini anathera panjira. Koma kuseri kwa khoma kunkamvekabe tapa, tapa, tapa.

Anadzuka, mawu onse oti alalatire mpongozi wake ali kale pakamwa, nakankha chitseko cha kuchipinda. Mpongoziyo anali mtulo, kukamwa kuli yasa. Amene anakhala m'mphepete mwa bedi, kiyibodi yopanda chingwe yolumikizana ndi kanthu kaja ili pamaondo, anali mwana wake, yemwe uja ankamulipirira sukulu iye akugona panja ndi chibonga.



"Bambo," ananong'ona kalaliki, "nyumbayi yachepa. Ndikanakuuzani bwanji?"

Mkuluyo anatulutsa kampango m'thumba, namanga kanthu kaja pangodya, mfundo ziwiri, kuti abale adzakaone Loweruka.

"Unaphunzira zambiri, koma chimodzi unaiwala," anatero motsitsa, kuti mpongozi asadzuke. "Mayi ako sankadziwa kulemba. Ngakhale dzina lako ndinkawalembera ndine."

Anabwerera pamphasa pake. Patebulo sikirini inazima yokha, fani n'kukhala chete, ndipo kuseri kwa khoma sikunamvekenso kanthu mpaka kunacha.