Lupanga Lovinira la a Suwedi

Chaka chimene Mwanaisha ankati akwatiwe, mbava zinavuta kwambiri kuno pachilumba cha Unguja. Zinkalowera padenga. Kwa bambo ake, a Suwedi, zinalowa kawiri, ndipo ulendo wachiwiri zinafika pakhomo la chipinda chosungiramo bokosi la mkwatibwi. M'bokosimo munali nsalu zonse zimene malemu mayi ake anamusiyira kuti adzalowe nazo m'banja.

A Suwedi ankagulitsa malupanga akale kwa alendo. Madzulo a tsiku limene mbava zinalowa kachiwiri, anatsitsa limodzi pakhoma, lalitali, lopyapyala, la Aluya akale, n'kuyamba kulinola pamwala, uku akutukwana mbava ndi makolo azo omwe.

Mlamu wawo wamkazi, Bi Zuwena, anawapeza ali thukuta kamukamu. Anawakumbutsa kuti limenelo ndi lovinira pa ukwati, ndi lobuntha chipangidwire, ndipo salinola.

"Alamu, mukufuna kuchekera papaya kapena munthu?"

"Munthu. Inu kaphikeni tiyi."

Usiku a Suwedi anakhala pamakwerero, lupanga pamiyendo. Mwanaisha anagona m'chipinda chapamwamba, pambali pa bokosi.

Lupanga linayamba kunjenjemera. Manja awo anali chete. Linkanjenjemera lokha, monga limachitira m'dzanja la wovina. Kenako ng'oma inamveka, pansipansi, ngati ili m'kati mwa khoma.

A Suwedi anapsa mtima. Mbava zafika pomuimbira munthu ng'oma? Anachotsa mpiringidzo n'kutuluka.

M'kanjira munali amuna ovala mikanjo yoyera, mizere iwiri, phewa ndi phewa. Panalibe nkhope imene anaidziwa. Mkulu wina anatuluka pamzere, lupanga lake m'mwamba, kuwaitana monga amachitira ovina awiri akamayerekeza kumenyana. A Suwedi sanayerekeze. Anatema ndi mphamvu zawo zonse.

Lupanga linalowa paphewa pa mkuluyo. Magazi sanatuluke. Ng'oma inaleka.

Mkuluyo anayang'ana balalo, kenako anayang'ana a Suwedi.

"Tabwera kudzavinira mwana wako. Watinolera lupanga?"

Mizere inatembenuka. Analowa m'nyumba mmodzimmodzi, kuwadutsa, n'kukwera makwerero opanda phokoso. A Suwedi anafuna kukuwa dzina la mwana wawo. Pakamwa sipanatseguke. Miyendo inakana.

Opita kumzikiti m'bandakucha anawapeza a Suwedi ali chiimire pakhomo, mkono uli m'mwamba, m'dzanja mulibe kanthu. Mwanaisha anali m'tulo, wopanda bala. Bokosi linali lokhoma, kiyi ali m'khosi mwake. Atatsegula, nsalu iliyonse inali yodulidwa pakati, kamodzi, mowongoka.

Akuchimuna atamva, anatumiza mawu oti ukwati uyambe wadikira. Ukudikirabe.

A Suwedi mpaka lero amati zinali mbava, ndipo ukawatsutsa amakuponyera kapu. Koma amayi a m'kanjiramo amanong'ona kuti amuna ovala zoyera aja anali eni lupanga, amene anali asanaphonyepo ukwati wa m'nyumba imene lupangalo lili, ndipo kuyambira usiku umenewo palibe woimba ng'oma amene wavomera kuponda pakhomopo.