Labala wa M'galimoto ya Pamlatho

"Adada, galimoto yopanda magalasi ndi galimotonso?"

Funso la Tiwonge, mwana wake wamkazi, ndi limene linamudzutsa Aaron Chimombo Loweruka lija. Aaron anali dalaivala wa boma wochokera ku Zomba, ndipo kuseri kwa nyumba yake pa Chitipa Boma ankadzutsa galimoto yakalekale ya mtundu wa Zefa imene anaipeza nkhuku zikuikiramo mazira. Injini inali italira, mipando atasoka. Magalasi analipo, koma labala wogwira magalasiwo anali atafumbutuka. Mvula inali pafupi, ndipo ikanalowa, ntchito yonse ikanaola.

Anamva kuti kunsi kwa mlatho wina pamsewu wa ku Chisenga kuli chigoba cha Zefa ina. Anaona ngati kadi ya chipani ili m'thumba, nanyamuka wapansi osauza munthu.

Labala wa chigobacho anali wamoyo modabwitsa. Anamutokosa pang'onopang'ono ndi sikuludalaiva kuopa kumung'amba, nachotsanso timalata tonyezimira ta m'mphepete. Pomaliza n'kuti mdima utagwira. Anakoleka labala paphewa, nakwera kumsewu.

Atafika pakati pa mlatho anamva mapazi kumbuyo. Chapu... chapu... ngati nsapato zodzaza madzi. Chonsecho mtsinje unali wouma!

"Mwatandala uli, adada?"

Anali bambo wamfupi wovala ovolosi. Aaron anayankha Chitumbuka chake chopunduka, nawonjezera liwiro. Mlendoyo anali pambali pake ndithu.

"Labalayo musamupinde," anatero, tsopano m'Chichewa. "Ndinamuika ndekha. Chingwe m'ngalande ya labalayo, sopo pang'ono, wina kukankha galasi kunja, ine kukoka chingwe m'kati. Anagwira bwino."

"Ndaona, bambo. Ntchito yabwino."

"Sanalowetse dontho ndi limodzi lomwe," anatero mlendoyo. "Sanatulutsenso munthu."

Paphewa pa Aaron panazizira. Anagwirapo. Malaya anali onyowa. Labala uja ankadontha madzi!

"Ndinaponda galasi ndi miyendo yonse iwiri," mawuwo anapitiriza, osakwiya, ngati munthu wofotokoza za mitengo ya feteleza. "Labala wina akanagonja. Koma wanga..."

Aaron anafuna kutaya katunduyo. Manja anakana. Fungo la matope linamudzaza m'mphuno.

"Kuika galasi ndi ntchito ya awiri, adada. Akukankhireni kunja ndani?"

"Ndi... ndipeza munthu."

"Musavutike. Inu mukhale m'kati. Ine ndibwera."

Anacheuka. Msewu unali mbee, wopanda munthu.

Mmene anafikira pa Boma iye sakumbukira. Anadzapezeka akumenya chitseko cha mnansi wake, Davison Simwaka, mphunzitsi wobadwira komweko. Simwaka anakweza nyali, naona labala ndi timalata tija, nkhope yake n'kugwa.

"A Chimombo, mwazitenga kuti izi?"

Aaron anafotokoza zonse. Simwaka anamvetsera mpaka kumapeto osamudula.

"Mukanandifunsa kaye. Chigoba chija tonse timachidutsa osachikhudza, ngakhale osula mbaula. Munthuyo ndi Wallace Sichali, mlamu wanga, makaniko. Mtsinje unamukokolola ndi galimoto yake chaka chimene tinalandira ufulu. Tinachita kuswa galasi lakutsogolo ndi nkhwangwa kuti timutulutse." Anaika nyali pansi. "Wokankha galasilo kunja, tsiku limene ankaliika, ndinali ine."

Kuseri kwa nyumba ya Aaron kunamveka kugogoda pachitsulo. Kamodzi. Kenaka zii.

"Labalayu agone kwanga, asayandikire kwa ana anu," anatero Simwaka motsitsa mawu. "Kukacha tikamubweza limodzi, ndikalankhula naye mlamu wanga. Labala wina tidzamufuna ku Tunduma, ku Tanzania. Koma mundilonjeze, a Chimombo: simulowa m'galimoto yanu ija kukoka chingwe pokhapokha mutaona nkhope yanga kuseri kwa galasi, dzuwa lili pamutu."

"Ndalonjeza, aphunzitsi. Koma inunso musachedwe."

"Sindichedwa. Mukadzandiitana, ndidzasiya ndi choko chomwe."