Sutikesi ya Madamu

"Pepani, kodi inu ndiye Madamu Sutikesi amene timangomva mbiri yawo?"

Mtsikanayo adatembenuka, kapu ya tiyi ili m'manja. Wofunsayo adali mnyamata wamtali, wa tayi wofiira ndi nsapato zowala ngati sizidapondepo fumbi. Apa n'kuti aphunzitsi a Chifalansa ali pamaphunziro a masiku ochepa m'holo ya koleji ina, ndipo inali nthawi yopuma.

"Dzina limenelo amatchula ndi ana a sukulu, osati anthu ovala tayi," adayankha.

"Ndiye ndivule tayiyu kuti ndipeze chilolezo?"

Madamu adaseka mosafuna. Mnyamatayo adati nayenso amaphunzitsa Chifalansa pasukulu ina ya kutsidya kwa tauni, ndipo ana ake amamutchula kuti Mesiye, kutanthauza bambo m'Chifalansa.

Dzina la Madamu lidali ndi pochokera. Bambo ake, omwe adali dalaivala wa galimoto zikuluzikulu zodutsa m'malire a mayiko, adamusiyira sutikesi yachikopa. M'kati mwake mudali wailesi yakufa, ambulera yothyoka, mswachi, malaya a mizeremizere ndi nsapato imodzi yopanda inzake. Pachivundikiro, chakum'kati, padali pomatidwa chithunzi cha bambowo atanyamula kamwana kolira.

Madamu akafuna kuphunzitsa, sankayamba ndi choko. Ankagogoda pachitseko cha kalasi ngati mlendo wosochera amene sadziwa chilankhulo china koma Chifalansa. Ana ankayenera kumulonjera, kumufunsa komwe wachokera ndi kutchula zimene wanyamula. Ngakhale ana amanyazi ankapezeka atatsegula pakamwa.

Tsiku lotseka maphunzirowo, mkulu wa bungwe lothandiza aphunzitsi a zilankhulo zakunja adalengeza nkhani yaikulu. Bungwelo lidzatumiza mphunzitsi kunja kukaphunzira chaka chathunthu, ulendo, malo ogona ndi chakudya zonse zolipiridwa. Koma malo adali amodzi okha. Aliyense wofuna adzayenera kuphunzitsa phunziro lalifupi pamaso pa oweruza, ndipo onse adzaphunzitsa ana a kalasi imodzi yomweyo.

Chilankhulo chimene Madamu ankachiphunzitsa tsiku ndi tsiku adali asanachimvepo chikulankhulidwa mumsewu ndi eni ake!

"Mulowa nawo?" adafunsa Mesiye potuluka.

"Ndiyesa. Nanga inu?"

"Ine? Ndani angalimbane ndi sutikesi? Ine ntchito yanga ikhala yokuomberani m'manja basi. Koma wokuomberani m'manja amafunika nambala ya foni."

Asanafike n'kunyumba komwe, uthenga udalowa: "Mlendo wosochera uja wagogoda pamtima panga. Ndimutsegulire?"

Sipadapite nthawi, "inu" adasanduka "iwe", ndipo Madamu adasanduka "njiwa yanga". M'mawa uliwonse foni inkalira. "Njiwa yanga, wadzuka bwanji? Dzuwa lachedwa kutuluka lero, likudikira kuti uyambe ndiwe kumwetulira."

Madamu ankakhala ndi mkulu wake, namwino wa pachipatala cha ana, munthu wosachedwa kuona chilema.

"Iwe, ukumwetulira foni ngati yakupatsa malipiro. Ndi uja wa tayi?"

"Achemwali, mumudziwe kaye munthu."

"Ndamuona. Anabwera kuno Lamlungu, nanga sindinali pompano? Munthu wofuna mkazi amafunsa kuti kwanu n'kuti, amalume ako ndani. Iyeyu mafunso ake onse ndi a sutikesi. Umayamba kutulutsa chiyani? Umagogoda kangati? Akufuna kukwatira iwe kapena sutikesi?"

"Amakonda ntchito yanga, n'kulakwa?"

"Chikomekome cha nkhuyu, mng'ono wanga. Ine ndangotsina khutu."

Madamu adakwiya, koma mawuwo adamutsalira m'mutu ngati kaminga ka m'chala.

Tsiku lina Mesiye adapempha kudzaonerera kalasi yake. Adakhala kumbuyo, foni ataiimika pabuku.

"Unkajambula?" adamufunsa ana atatuluka.

"Pang'ono chabe. Ukadzapita kunja ndizidzaonera chiyani ndikakusowa?"

Ndani angakwiye ndi yankho lotero?

Komabe kuyambira tsiku limenelo Mesiye adasintha. Foni ankaiika chafufumimba patebulo. Ikalira ankatuluka nayo panja. Loweruka lililonse ankati watanganidwa ndi kuchonga mayeso. Mayeso anji osatha, teremu ili pakati?

Loweruka lina masana, Madamu adapita kunyumba kwake osamuuza. Atafika pakhomo adaima. M'katimo munkamveka mawu a mkazi! Mawu ofewa, okwera ndi kutsika, kenaka Mesiye n'kumayankha. Madamu adagogoda mwamphamvu, ndipo mawu aja adaduka pomwepo.

"Ali kuti?" adafunsa chitseko chitangotseguka.

"Ndani, njiwa yanga?"

"Usandinjiwe! Ndamva mawu a mkazi."

Adasuzumira kuseri kwa katani, pansi pa bedi, ngakhale m'kabati ya zovala. Mudalibe munthu. Mipando yokha ndiyo idali itakankhidwira kukhoma, ndipo pakati pa chipinda padali chikwama chapaulendo. Adachitsegula msangamsanga. Mudalibe kanthu.

"Ndimamvera nkhani za Chifalansa pafoni," adatero Mesiye akuseka. "Nsanje yakukhala bwino, ukudziwa? Tamvera. Ndikadzakhala ndi mkazi wina kupatula iwe, lilime langali lidzaume. Mawu a mkazi amene ndimamvera m'nyumba muno ndi ako okha."

Madamu adachita manyazi mpaka adapepesa. Pobwerera ankadzidzudzula yekha, komabe funso limodzi silidamuchoke. Munthu womvera nkhani amakankhiranji mipando kukhoma?

Kutatsala masiku ochepa kuti akaonekere kwa oweruza, loko wa sutikesi adathyoka. Mesiye adafika ngati adaitanidwa.

"Ungakalowe nayo yomanga ndi chingwe pamaso pa anthu aja? Bwera nayo. Ndili ndi mnzanga wokonza maloko."

"Sindinaibwereketsepo munthu chimwalirireni bambo."

"Ine ndi munthu wamba kwa iwe? Ndidzakubweretsera pageti la koleji ndi manja angawa, itapukutidwa ndi polishi. Ndalonjeza."

Mkulu wake atamva adangogwira pakamwa. "Wapereka? Wokonza malokoyo alibe dzina? Alibe malo oti iwe upite wekha?"

"Achemwali, mumakayikira aliyense!"

"Ndimagwira ntchito kuchipatala, mng'ono wanga. Amene amati sizipweteka ndi amene wanyamula jakisoni."

Tsiku lija lidafika. Madamu adaima pageti la koleji atavala diresi lake labuluu, manja ali lende. Aphunzitsi ena ankamudutsa atanyamula mapepala ndi zithunzi zawo. Adatumiza uthenga: "Uli kuti?"

Yankho lidabwera msanga. "Ndili panjira, njiwa yanga. Usachoke pagetipo, tingasemphane."

Adadikira. Adaimba foni, koma idali yozimitsa. Yozimitsa bwanji munthu ali panjira? Mapeto ake adalowa kuti akaone ngati dzina lake layandikira.

Akuyenda m'khonde, adamva kugogoda pachitseko cha chipinda cha oweruza, kenaka ana kuseka. Kuseka kumeneko ankakudziwa. Ndi mmene ana amasekera mlendo wosochera akalowa!

Adayandikira zenera. Kutsogolo kwa kalasi kudaima Mesiye, tayi wofiira ali pakhosi, sutikesi ya bambo a Madamu ili m'manja. Adayang'ana uku ndi uku ngati wosochera. Adapukuta chipumi ndi kuseri kwa dzanja, monga momwe Madamu amachitira. Adatulutsa ambulera yothyoka poyamba, nsapato imodzi pomaliza. Mawu aliwonse adali a Madamu, ngakhale popumira!

Pamenepo ndi pomwe adazindikira. Mkazi uja adamumva kuseri kwa chitseko, mkazi amene adamufunafuna pansi pa bedi, adali iye mwini, akulankhula m'foni ya Mesiye. Mipando yokankhidwira kukhoma ija idali kalasi yoyeserera. Mesiye sadaname ngakhale pang'ono: mawu a mkazi amene ankamvera m'nyumba muja adalidi ake okha.

Ana adaomba m'manja. Chitseko chidatseguka, ndipo Mesiye adatuluka akumwetulira. Ataona Madamu, kumwetulira kuja kudauma.

"Njiwa yanga! Ndimati ndikuuze..."

"Uli panjira?"

"Tamvera kaye. Ndikapita ine n'chimodzimodzi tapita tonse. Ndikakakhazikika ndidzakuitanitsa. Iwe uli ndi nzeru, chaka chamawa udzapeza njira ina. Ine ndilibe china chilichonse, ukudziwa. Tenga, nayi sutikesi yako, lowa nayo."

"Ndilowe nayo kuti aziti ndakuonera iwe?"

Mesiye adayang'ana pansi. Adali ataziwerengera kale zimenezo.

Mlembi wa oweruza adasuzumira pakhomo n'kuitana Madamu. Iye adayang'ana sutikesi, adayang'ana mwamuna amene ankamutcha njiwa, ndipo adazisiya zonse ziwiri m'khondemo. Adapita pachitseko chimanjamanja n'kugogoda.

Atalowa, ana adamuyang'ana modabwa. Mlendo winanso? Kumbuyo kudakhala oweruza, pakati pawo mayi wachikulire wa magalasi. Misozi imene Madamu ankaibweza idagwa yokha, ndipo sadaipukute.

"Ndithandizeni," adatero m'Chifalansa. "Ndine mlendo. Munthu wina wandibera sutikesi."

Kenaka dzanja lina lidakwera.

"Ndi yamtundu wanji?" adafunsa mwana wina m'Chifalansa chopunduka.

"Yachikopa. Loko wake ndi wothyoka."

Ana adayang'anana. "Muli chiyani m'katimo?"

"Wailesi yakufa. Bambo anga ankamvera poyendetsa galimoto. Nsapato imodzi. Inzake idatsala kuchipatala tsiku limene adamwalira."

"Taiona! Taiona!" Kalasi yonse idadzuka. Aliyense ankafuna kulankhula, ndipo Madamu ankangoloza khutu lake kusonyeza kuti samva chilankhulo china. Ana adakumba Chifalansa chonse chimene adali nacho m'mutu. Wakubayo ndi wamtali! Wavala tayi wofiira! Nsapato zake n'zowala! Watuluka pompano!

"Muli chithunzi," adatero mtsikana wina wa kutsogolo. "Bambo ndi mwana. Anatiuza kuti mwanayo ndi mlongo wawo."

Mlongo! Mawu amenewo adamulasa Madamu kuposa onse.

"Mwanayo ali ndi kadontho kakuda patsaya lakumanzere," adayankha, n'kutembenuza nkhope kuti onse aone tsaya lake.

Mayi wa magalasi adawavula, n'kuuza mlembi kuti akatenge sutikesi ija. Itabwera adaitsegula yekha. Adayang'ana chithunzi, n'kuyang'ana Madamu.

"Pitirizani phunziro lanu, aphunzitsi," adatero. "Katundu wanu wapezeka."

Potuluka adapeza Mesiye atatsamira chipilala, tayi atamasula.

"Wandichititsa manyazi pamaso pa ana," adatero. "Chikondi chathu chonse chija n'kuthera pa sutikesi?"

Madamu adakweza sutikesiyo kuti aione bwino. Chivundikiro chidali chomangidwa ndi chingwe.

"Ngakhale loko sunakonzetse," adatero, n'kumudutsa.

Patapita milungu ingapo bungwe lija lidaimba foni. Malo aja adali a Madamu. Mkulu wake adalulutira mpaka anthu oyandikana nawo adatuluka m'nyumba, ndipo sadanene ngakhale kamodzi kuti "ndinakuuza".

Madamu adamwetulira, adalandira mafuno abwino, kenaka adalowa kuchipinda kukayamba kulongedza. Foni idalira. "Njiwa yanga, ndamva. Usaiwale amene ankakuombera m'manja. Tikumane tikambirane?" Adawerenga uthengawo kawiri. N'chifukwa chiyani mtima umapwetekabe chifukwa cha munthu amene ukumudziwa bwino kuti ndi mbala? Adaufufuta, pamodzi ndi mauthenga onse a m'mawa aja.

Atatsegula sutikesi, fungo la perefyumu wa Mesiye lidamuwomba kumaso. Lidali litalowerera m'malaya a mizeremizere a bambo ake. Adakhala pansi, malayawo ali pachifuwa, n'kulira kulira kumene sadalire m'khonde muja.

Mkulu wake adalowa mwakachetechete. Adanyamula sutikesi, adatenga malaya m'manja mwake, n'kukaziyanika pabwalo.

"Achemwali, fungoli lichoka?"

"Lisiye padzuwa, mng'ono wanga. Silichoka lero, koma limachoka."