Matumba a Mchenga Pakamwa pa Paipi

Madzi anayamba kulowa m'nyumba ya Anti Tabia Loweruka m'mawa. Lusungu, mtsikana wa nyumba yoyandikana nayo, atasuzumira pakhomo, anapeza mayiyo ataika mwana wake wakhanda patebulo, iye akukweza mabulangete pamwamba pa kabati. Madzi anali atafika kale m'akakolo, ndipo mvula ya mu Juni inkagwabe.

Kuseri kwa nyumba zawo za malata ku Wallacedene, dera lakunja komwe mvula imagwa nyengo yozizira, kunali damu la khonsolo. Silinali la madzi akumwa. Linkalandira madzi a mvula ochokera m'misewu n'kumawatulutsa pang'onopang'ono kudzera m'paipi yaikulu, kuti asasefukire m'nyumba za anthu. Antchito a khonsolo ankabwera kudzadula bango ndi kuchotsa zinyalala pakamwa pa paipiyo.

Koma nthawi ya chilala, bambo ake a Lusungu, a Maxon, anadzala mpiru m'mphepete mwa damulo. Pofuna kuti timadzi tothirira tisathawe, anatseka paipi ija ndi matumba a mchenga. Antchito akawachotsa, iwo ankaikanso ena, Lusungu akuwathandiza kunyamula.

Ataona madzi aja kwa Anti Tabia, mtsikanayo anathamangira kwawo. Anapeza bambo ake ataima pawindo.

"Adadi, ndi matumba athu aja," anatero motsitsa mawu.

A Maxon anavala majombo n'kunena kuti akawachotsa okha. Lusungu anaima pakhomo, sanawapatse njira. Anawakumbutsa kuti paipi ikatseguka mwadzidzidzi, madzi amakoka ngakhale munthu wamkulu. Anayang'anana kanthawi, kenako bamboyo anatenga foni n'kuimbira khonsolo.

Antchito anafika ndi zingwe komanso ndodo zazitali za ngowe. Mtsogoleri wawo, mayi wolankhula Chixhosa, anafunsa m'Chingerezi ngati alipo akudziwa chimene chatseka paipi. Anthu onse anali pomwepo, Anti Tabia nawonso.

"Ndi matumba a mchenga. Ndinaika ndine," a Maxon anayankha, n'kuloza pamene anali.

Antchito anadzimangirira zingwe m'chiuno, n'kukoka matumbawo limodzilimodzi ali pamtunda. Paipi inayamba kulira, ndipo pofika masana madzi anali atatsika. Mpiru wonse unali utakwiririka m'matope.

A Maxon sanapite kukaona dimba lawo. Anatenga fosholo n'kulunjika kwa Anti Tabia, Lusungu ali pambuyo. Mayiyo anawayang'ana. Kenako anasuntha pakhomo n'kuwaonetsa chipinda chimene munali matope ambiri.