Vidiyo ya Maliro a ku Saltpond

Dzifa anakumana ndi Yoofi pa siteji ya maminibasi otchedwa trotro ku Circle, tsiku la zionetsero zodana ndi okumba golide amene aononga mitsinje yathu. Dzifa mawu anali atamuthera ndi kukuwa, chikwangwani chili m'khwapa.

"Chemwali, imwani madziwa. Musatifere dziko lisanasinthe," anatero mnyamatayo akumwetulira.

Inu, pakamwa pa Yoofi panali potsetsereka! Ndiye ankagwira chimkuzamawu m'gulu lawo la achinyamata, ndipo akayamba za ufulu wa amayi, atsikana ankachita kupukuta misozi. Pasanapite nthawi foni ya Dzifa inasiya kupuma ndi mameseji a Yoofi.

"Duwa langa, wadya? Ndakusungira kelewele wotentha, nthochi zokazinga zija."

"Ndidzakukonda mpaka mtsinje wa Pra udzayere. Ukadzayera ndidzayambiranso!"

Mtsikana wake uti akanalimba mtima? Dzifa analowa m'gulumo ndi miyendo yonse iwiri. Misonkhano yake yosatha, tsiku lonse kukangana za mawu oti alembe pachikwangwani, mtsinje uli matope okhaokha. Zinkamutopetsa, koma ankapirira chifukwa cha Yoofi.

Kunyumba mayi ake anayamba kufunsa. "Kodi abale a mnyamata wakoyo adzagogoda liti pakhomo pano kudzakufunsira ukwati?"

Atamuuza Yoofi, iye anagwira kumutu. "Kugogoda? Mabotolo a mowa ndi nsalu? Wokondedwa, iwe si mbuzi yoti ndikagule. Miyambo imeneyi ndi imene tikulimbana nayo!"

Dzifa anakawayankha mayi ake mawu omwewo, mutu uli m'mwamba. Mayiwo anangoti, "Chabwino, mwaphunzira ndinu."

Komabe mtima sunakhale m'malo. Masana ena kusitolo ya mankhwala komwe ankagwira ntchito kunalibe makasitomala, ndiye analemba dzina la Yoofi pa intaneti. Zinatuluka zithunzi za zionetsero zokhazokha, chibakera m'mwamba. Za mkazi? Olo chala! Anachita manyazi kuti ankamukayikira munthu wosalakwa.

Kenako anakumbukira kuti mayi a Yoofi anamwalira iwo asanadziwane. Anafuna kungoona nkhope ya amene akanakhala apongozi ake. Analemba dzina lawo, Ekua Bentsiwa, ndipo panabwera vidiyo ya maliro awo ku Saltpond, yoikidwa ndi anyamata ojambula. Yoofi anasesa masamba ake onse a pa intaneti, koma za ojambula maliro anaiwala.

Paja pamaliro athu akazi okwatiwa pabanjapo amabwera ndi katundu poyera, wolengeza n'kumawatchula mmodzimmodzi. Dzifa anaona mabeseni a nsalu ndi sopo akubwera pamitu, ng'oma zikulira.

"Tsegulani njira!" anakuwa wolengeza. "Akubwera mkazi wa Yoofi! Anamugogodera, anamulowola, zonse zinaperekedwa mpaka mpete!"

Mayo! Mkazi wake wooneka bwino, khanda kumsana. Yoofi anadzuka n'kumupukuta thukuta ndi mpango wake.

Dzifa anabweza vidiyo ija. Apa ndi pamene anaona amene ankavina kumbuyo kwa mkaziyo. Anali Sisi Korkoi, mtsogoleri wa gulu lawo, amene ankamutcha Dzifa mng'ono wake. Pambali pawo, anzake onse a misonkhano, atavala nsalu imodzi ya maliro!

Dzifa anathamangira ku ofesi ya gulu, n'kuika foni patebulo pa Korkoi.

"Sisi, munkadziwa?"

Korkoi anatseka chitseko kaye. "Mng'ono wanga, tsitsa mawu. Loweruka tili ndi zionetsero. Atolankhani akaimva imeneyi tatha tonse."

"Si inu mumati mkazi asamakhale chete?"

"Pali nthawi yake. Nkhondo yathu ndi yaikulu kuposa mtima wako, Dzifa. Popanda Yoofi pachimkuzamawu abwera ndani?"

"Nanga ine? Ine si mkazi?"

Korkoi anangoyang'ana kumbali, n'kuyamba kusanja zikwangwani.

Dzifa ali mu trotro yobwerera, meseji ya Yoofi inalowa. "Duwa langa, ndamva. Ukwati uja ndi wa makolo, chathu ndi chikondi cha ufulu. Usauze munthu, tikambirana zionetsero zikatha."

Zikatha? Zionetsero zake ziti zinathapo muno?

Dzifa analira osasamala za anthu, mpaka mayi amene anakhala naye pafupi anamufunsa ngati kwagwa zovuta. Anapukuta misozi. Ayi, atsikana atsopano a m'gulumo ayenera kuiona vidiyoyi, asadzapusitsidwe ngati iye! Anatsegula gulu lawo la pafoni kuti aitumize.

Malo olembapo uthenga panalibe. Pansi penipeni panali timawu ting'onoting'ono: "Korkoi wakuchotsani m'gululi."