Mtsinje Umene Unatsata Dimba la Lenia

Dzuwa linali litapendeka pamene Lenia anatsikira kudimba ndi zitini ziwiri zothiririra. Unali mwezi wa Ogasiti mu 1956, zaka zija za Chitaganya. Ndege ya madzulo inadutsa chapansipansi kulowera ku Chileka, mbuzi n'kubalalika monga mwa masiku onse. Lenia sanadzutse n'komwe mutu. Maso ake anali pa kabichi ndi matimati, zimene mwamuna wake Isaki ankapita nazo panjinga kukagulitsa kwa ophika a azungu a kubwalo la ndege.

Atawerama pachitsime, anamva khasu. Khu! Khu! Khu! Linkamveka kumunsi, m'mphepete mwa kamtsinje ka Namilulu, kumene munthu sankaloledwa kulima. Anaweramuka n'kuyang'ana. Kunalibe munthu. Bango lokha linkagwedezeka popanda mphepo. Kenako kunabwera fungo la matope akuda a pansi pa dambo, aja onunkha ngati dzira lowola.

Chaka chapitacho khonsolo ya boma inali italamula kuti munthu asalime, asadule bango, asatenthe udzu mayadi khumi kuchokera pamtsinje uliwonse, ati kuti nthaka isakokoloke ndiponso madzi asaphwe. Mlangizi wa malimidwe, a Frazer, mwana wa mphunzitsi wa kumishoni, anabwera ndi chingwe choyezera n'kukhoma zikhomo zopaka laimu. Wodutsa zikhomozo ndi khasu ankakagona kundende.

Lamulolo linadula pakati ubale wa Lenia ndi mkulu wake. Mayi awo atamwalira, mkulu wake Mildred anasankha yekha chigawo cha kumadzi, cha nthaka yakuda yosafuna kuthirira, n'kumusiyira Lenia cha kumtunda, cha miyala. Koma zikhomo zitakhomedwa, dimba lonse la Mildred linagwera mkati. La Lenia linapulumuka. Isaki anakumba chitsime, anazula miyala, anatuta manyowa, ndipo pasanathe chaka anagula njinga ndi nsalu ziwiri za mkazi wake. Mwamuna wa Mildred anali atapita ku Halale zaka zisanu zapitazo, ndipo ngakhale kalata sankalemba. Mildred ankangokhala pakhonde, maso ali kunjira, kuonerera madengu akutsika opanda kanthu n'kukwera odzaza.

Madzulo amene anamva khasu aja, Lenia anamupeza Mildred pakhonde pomwepo, akupuma mwabefu ngati munthu wochokera kutali.

"Zabereka, eti?" anatero Mildred.

"Pang'ono, achemwali. Tengani kabichi uyu mukadyere."

"Ine si wopemphetsa. Idya wekha. Lamulo linakonda iwe."

Patapita masiku atatu, Isaki anabwera kuchokera kudimba m'mamawa nkhope itagwa.

"Lenia, mkuyu uja wa pamtsinje unali tsidya liti?"

"Tsidya lino. Bwanji?"

"Tiye ukaone."

Mkuyuwo unali tsidya lija. Mtengowo sunasunthe, umene unasuntha unali mtsinje. Madzi anali atasiya njira yawo yakale n'kudula ina chakumtunda, kuyandikira dimba lawo. Mvula inali isanagwe kuyambira Epulo. Pa njira yakaleyo panatsala matope ndi tinsomba tikuphiriphitha.

Nkhani inafika kwa a Frazer. Anabwera panjinga, anatambasula chingwe chawo, n'kuzula zikhomo kuzikhoma pakati pa kabichi wa Lenia. Mizere inayi inagwera mkati.

"Bambo, mukutipha," anatero Isaki.

"Pepani, achimwene. Ine ndimayeza kuchokera pamene pali madzi. Pepala likutero."

Mildred anali chiimire patali, manja kumbuyo. Anthu amene anamuona amati kanali koyamba kumuona akumwetulira chichokere mwamuna wake.

Khasu lija silinaleke. Madzulo alionse, nkhuku zikamalowa m'khola, linkayamba. Amayi anasiya kukatunga madzi dzuwa likapendeka. Agalu ankafika pa zikhomo n'kubwerera michira ili pakati pa miyendo. Fungo lija linakwera mpaka m'mudzi, linalowa m'nkhokwe, linamamatira pa zovala zoyanika. Sabata yotsatira mtsinje unasunthanso, ndipo a Frazer anatenganso mizere isanu.

Ulendo wachitatu a Frazer sanakhome zikhomo. Anayang'ana gombe latsopanolo nthawi yaitali, akukhudza zipsera za khasu pa dothi.

"Pali munthu akupatutsa madziwa," anatero. "Lero ndimudikirira. Ndikufuna ndimuone ndi maso anga."

Anabisa njinga yawo kwa Isaki n'kuwoloka kukakhala pansi pa mkuyu dzuwa likulowa. Sipanatenge nthawi. Anthu anangomva kukuwa kumodzi, kenako anaona a Frazer akukwawa kukwera mtunda. Miyendo yawo inali itatupa ngati mitondo, ikuchucha madzi, misundu itamamatira mpaka m'ntchafu. Powakweza pangolo kupita nawo ku siteshoni ya Lirangwe kuti akakwere sitima kupita kuchipatala, anagwira Isaki pamkono.

"Akuukoka ndi chingwe," ananong'ona.

"Ndani, bambo?"

Anatsegula pakamwa, koma munangotuluka madzi akuda. Anamwalira sitima isanafike.

Lenia anachonderera mwamuna wake kuti alisiye dimbalo. Isaki anakana. Anati miyala yonse ija anazula ndi manja ake akaiunjika pagombe, aone ngati madzi angadye mwala. Anagwira ntchitoyo masiku awiri. Tsiku lachitatu masana, dzuwa lili paliwombo, Lenia anamutengera madzi akumwa. Anamupeza atagona chagada pakati pa matimati, pa dothi louma gwa, kutali ndi mtsinje. Malaya ake anali ouma. Koma m'kamwa ndi m'mphuno munali mutadzaza matope akuda, ndipo pa lilime pake pankayenda mbululu yamoyo.

Pamaliro Mildred ndiye analira koposa onse. Anadzigwetsa pansi, anagubuduzika. Koma amayi amene anakhala naye pafupi anaona mapazi ake: anali otuwa, okwinyika, ngati a munthu amene wakhala m'madzi tsiku lonse. Paliponse pamene anaponda pa fumbi la pabwalo pankatsala chinyezi. Amayiwo anayang'anana, wina n'kusuntha mphasa yake.

Maliro atatha Lenia anapita kwa atsibweni ake, a January, amene anali mwini mbumba.

"Atsibweni, anthu akunena achemwali."

"Khala chete, mwana iwe! Kutchula munthu kuti ndi mfiti masiku ano n'kudzimangitsa. Azungu amamanga wonenayo."

"Ndiye tidikire kuti afe ndani?"

A January anayang'ana pansi.

Lenia sanauzenso munthu. Loweruka madzulo, khasu litayamba, anamanga nsalu yake yakuda m'chiuno n'kutsika yekha. Anadutsa mizere yake yotsala. Anadutsa zikhomo. Bango linamucheka m'manja, matope anamumiza mpaka m'mawondo, fungo linamutseka pakhosi. Khu! Khu! Anapatula bango lomaliza.

Mildred anali m'madzi ofika m'chiuno, ali chibadwire, thupi lonse lopakwa matope. M'chiuno anamanga chingwe cha luzi, ndipo nsonga ina ya chingwecho inalowa pansi pa madzi, yokungika ngati yomangira ng'ombe yokana kuyenda. Ankalima gombe katatu, n'kuponda phazi limodzi kutsogolo, kukoka. Akakoka, mtsinje wonse unkabuula n'kumutsatira.

"Achemwali!"

Mildred anatembenuka pang'onopang'ono. Sanachite manyazi, sanadzidzimuke.

"Wabwera kudzandipatsa kabichi?"

"Isaki anakulakwirani chiyani?"

"Ankadutsa pakhomo panga akuliza belu la njinga. M'mawa belu, madzulo belu. Iwe pambuyo pake ndi nsalu yatsopano. Ine ndinabadwa poyamba, Lenia. Ndinakubereka kumsana. Nthaka yabwino inali yanga. Anabwera munthu ndi chingwe, tsiku limodzi lokha, iwe n'kukhala dona, ine wopatsidwa masamba."

"Mukanandiuza, tikanagawana dimba."

"Sindikufuna theka lako. Ndikufuna ukhale pakhonde monga ndakhalira ine."

Anakokanso. Gombe limene Lenia anaimapo linagumuka, madzi ozizira n'kumugwira m'miyendo ngati manja. Anagwira muzu wa mtengo wa pagombepo n'kukuwa ndi mphamvu zake zonse.

Amuna a m'mudzi anatsika ndi zikwanje ndi nthungo. Anamuvuula Lenia, ndipo onse anamuona Mildred, ndi chingwe chake, ndi khasu lake. A January anagwada m'matope n'kuyamba kulira ngati mwana. Mildred anawayang'ana mmodzimmodzi, kenako anabwerera chafutambuyo n'kulowa m'bango lowirira. Bangolo linatsekeka.

"Bweretsani moto!" anakuwa wina. "Titenthe, atuluke!"

Anazinga malowo mpaka kunacha. M'mawa, udzu wouma ataunjika kale, anafika mlangizi watsopano, a Justus, ndi amesenjala awiri a kuboma. Anali atamva za chipwirikiticho ku Lirangwe.

"Zimitsani muuniwo," anatero a Justus.

"Bambo, muli mfiti m'menemu! Yapha anthu awiri!"

"Boma silidziwa mfiti. Boma likudziwa mayadi khumi. Wodula bango limodzi, wotentha udzu umodzi, ndinyamuka naye lero lomwe."

Amesenjala anagwedeza maunyolo. Amuna anayang'anana, n'kutsitsa zikwanje. A Justus anatambasula chingwe chawo kuchokera pamene panafika madzi usiku umenewo, ndipo chikhomo chomaliza anachikhoma kuseri kwa chitsime cha Isaki. Dimba lonse la Lenia linagwera mkati.

Mildred sanatuluke. Palibe anamuona panjira, kapena pa siteshoni, kapena kwa abale a ku Madziabango. Bango linakula mowirikiza, linameza chitsime, linameza mizere ya matimati. Chitaganya chitatha, alangizi anasiya kuyenda ndi amesenjala, ndipo m'mitsinje ina anthu anabwerera ndi makasu awo mpaka m'madzi. Pa Namilulu palibe anayerekeza.

Lenia anakalima chimanga kumtunda, kumunda wa atsibweni ake. Zaka ziwiri zoyamba anakolola zochepa, ndipo kumtsinje kunali zii. Chaka chachitatu mvula inagwa bwino, nkhokwe yake inadzaza mpaka anamanga ina. Madzulo amene anaika dengu lomaliza, ali pamakwerero, mphepo inabwera kuchokera kumunsi. M'mphepomo munali mawu amene anawadziwa kuyambira ali kumsana, ofatsa, osafulumira.

"Lenia, chaka chino wakolola, eti?"

M'mawa mwake anthu anamuona akugawa chimanga khomo ndi khomo, mpaka nkhokwe yachiwiriyo inatsala yopanda kanthu. Anaigwetsa yekha ndi nkhwangwa.