Ndodo ya a Marcelino

Ine wailesi ija ndinkadana nayo, ndisakunamizeni. Amuna anga a Arsénio atapuma ntchito ya zamatelefoni ndinati eya, tsopano ndapeza wocheza naye madzulo. Ndinadzinamiza. Anaimika chitsulo chachitali pabwalo pathu ku Lulimile, kuno ku Lichinga, pamwamba pake antena yonga minga ya nsomba. Chipinda chimene ankagona mwana wathu Lénia asanakwatiwe chinadzaza mawaya. Akangosamba m'manja, ulendo kukayankhula ndi anzawo a wailesi. Wailesiyo ndinkaitcha mkazi mnzanga, iwo n'kumangoseka.

Amene anawapatsira matendawa anali a Marcelino a ku Assumane, kompadre wathu poti ndi amene anaimira Lénia pa ubatizo, ndipo ine ankanditcha komadre. Munthu wamtali, wofatsa, wosapupuluma. Anali ndi chizolowezi chawo. Asanayankhule ankayamba auzira mu maikolofoni, fuu, fuu, ngati akuziziritsa tiyi. Ngakhale ndili kukhitchini ndinkadziwa kuti kompadre afika.

A Marcelino anali ndi chinthu chimene amuna anga ankachisirira koopsa, ampulifikadori ya mavavula. Ndi bokosi lachitsulo, lolemera lofuna anthu awiri, ntchito yake kuwonjezera mphamvu ya wailesi kuti mawu afike kutali. Mkati mwake muli mavavulawo, mababu onenepa amene amayaka mofiirira. Ukayatsa suyankhula pompo, umadikira atenthe. Ukazimitsa umasiya fani ikuzungulirabe mpaka azizire. Koma lamulo lalikulu ndi ili. Bokosilo limasunga moto ngakhale wazimitsa, ngakhale wazula pulagi, ndipo ndi moto wopha munthu pomwepo. Usanalowetsemo dzanja umatenga ndodo. Ndodoyo chogwirira chake n'chamtengo, kunsonga kuli ngowe yamkuwa, ndipo ili ndi waya wonenepa amene umamumangirira ku chitsulo chokhomedwa m'nthaka. Umakhudzitsa ngowe mkati, moto wotsala n'kuthawira pansi. Dzanja linalo limakhala m'thumba. Ndinazimva zimenezi kambirimbiri mpaka ndinaziloweza ngati katekisimu.

Tsiku lina akazi awo, Dona Olinda, anawapeza a Marcelino ali gone pansi pambali pa bokosi lotsegula. Ndodo inali pomwepo, waya wake ali chimangirire bwinobwino. Kuchipatala anati mtima unaima.

"Ndi mtima basi," anatero amuna anga tikuchokera kumanda. "Munthu uja sakanaphonya lamulo."

Maliro atazirala, Dona Olinda anatumiza uthenga kuti bokosilo akalichotse, sakufuna kuliona. Ine ndinakana. Ndinati bambo a Lénia, chinthu chimene mnzanu wafera pambali pake mukuchilowetsa m'nyumba mwanga? Iwo anati, "Julieta, ndi chitsulo ichi, sichidziwa maliro." Linabwera pa galimoto ya neba, ndodo ili pamwamba. Ndodoyo anaikoleka pamsomali pakhonde, pafupi ndi windo la chipinda chawo, chifukwa chitsulo cha m'nthaka chili pamenepo.

Zinayamba mu Juni, kuzizira kwa Lichinga kutafika poti madzi a mu ndowa amaluma zala. Tsiku limenelo ndinanyamula mbaula n'kukakhala m'chipinda cha wailesi, ndikusankha nyemba za ku Lione m'lichero. Mavavula anali atatentha. Amuna anga anaitana pa wailesi, n'kusiya batani la maikolofoni, kudikira woyankha. Wailesi inangoti shii monga mwa masiku onse. Kenako phokosolo linaduka. Kunangoti zii, ngati munthu kwina wakanikiza batani koma sakuyankhula.

Fuu. Fuu.

Nyemba zinandigwa m'manja.

"Mwamva?"

"Ndi mphepo," iwo anatero. Koma sanandiyang'ane.

Anafunsa kuti ndani, m'Chipwitikizi, m'Chinyanja, mpaka m'Chiyao. Palibe anayankha. Pa wailesiyo pali kasingano kosonyeza mphamvu ya amene akukuyankhula, ndipo kanali katangodzuka pang'ono. Antena yathu amaizunguza ndi chogwirira chimene anachilowetsa pawindo, ndipo ikaloza kumene mawu akuchokera kasingano kamakwera. Anazunguza pang'onopang'ono. Kasingano kanakwera, anaima, n'kusuzumira panja kuona kumene yaloza.

"Kuti?" ndinafunsa.

"Cha ku Assumane."

Mawa lake anati ndi achinyamata opanda mwambo apeza kawailesi kam'manja. Ndinati chabwino, achinyamata amenewo anawamvera kuti a Marcelino akuuzira tiyi? Madzulo zinabweranso. Fuu, fuu, kenako zii. Koma antena sinalozenso ku Assumane. Inaloza cha kumsika, ndipo kasingano kanali katakwererapo. Tsiku lina inaloza cha ku mapaini a kumsewu waukulu. Lina cha ku mpopi kumene timatunga madzi, kasingano katadutsa pakati.

Ine sindinaphunzire zamagetsi, koma njira yochokera ku Assumane kubwera kwathu ndimaidziwa. Ndinayenda nayo pa maliro.

"Bambo a Lénia, chinthu ichi chikuyenda. Chikubwera kuno."

"Wailesi siyenda, mayi."

"Bwezani bokosili. Ndapota nanu."

Anandiuza kuti mantha anga ndi a kumudzi. Ndinapsa mtima, ndinagona chowafulatira. Koma ndinkawamva akutembenuka usiku wonse, ndipo ndinadziwa kuti nawonso tulo tawathawa.

Tsiku lenilenilo chifunga chinatsika dzuwa likungolowa. Nyumba ya neba sinkaoneka. Titadya anayatsa bokosi, kudikira litenthe, n'kuyamba kuitana mnzawo wina wa kutsidya kwa nyanja. Ali pakati pa mawu, mkati mwa bokosi munalira phaa! Kunatuluka kafungo ka chinthu chopserera. Asanatukwane n'komwe magetsi a dera lonse anazima, fani n'kuima. Mavavula anafiirira kanthawi, n'kuzirala mumdima.

Wailesi yokhayo imayendera batire ya galimoto, ndiye inatsala ikuyaka ndi kakuwala kake kobiriwira. Tinkangomva shii.

Phokoso linaduka.

Fuu. Fuu.

Ulendo uno linamveka ngati munthu ali nafe m'chipindamo. Kasingano kanamenya kumapeto. Amuna anga anazunguza antena uku, kasingano kali pomwepo. Anazunguza uko, kali pomwepo. Anazunguza mpaka inabwerera pamene inayambira. Kenako anapita kuseri kwa wailesi, n'kumasula waya wa antena, kumuchotseratu, n'kundionetsa m'manja.

Kasingano sikanatsike.

Koma amuna, inu! M'malo moti tigwade tipemphere, anati, "Waona? Si munthu. Chawonongeka ndi china chake m'bokosimu, ndicho chikuchita zonsezi. Ndilitsegula pompano uone." Analuma tochi ndi mano n'kuyamba kumasula masikuluwu.

"Mumdima uno? Dikirani kuche!"

"Kanditengere ndodo pakhonde."

Sindinkafuna kutuluka. Koma ndinkawadziwa, ndikanakana akanalowetsa dzanja chomwecho chifukwa cha makani. Ndinafunda kapulana, chitenje changa, n'kupapasa khoma mpaka kuchitseko. Ndisanagwire loko ndinamva kugogoda. Sikunali pachitseko. Kunali kwa chitsulo, ngo, ngo, ngati munthu akumenya mlongoti wa antena ndi mphete ya kuchala.

Ndinatsegula. Chifunga chinalowa m'nyumba ngati utsi. Agalu a m'dera lonse, amene amauwa ngakhale mphaka akadutsa, anali chete. Ndinatambasula dzanja kumsomali, n'kuigwira ndodo, yozizira ngati yachokera m'madzi. Ndikutembenuka ndinamuona.

Munthu wamtali, ataima patsinde pa mlongoti. Nkhope sinkaoneka. Dzanja lamanzere linali m'thumba la buluku. Lamanja analikweza kukamwa n'kuliuzira, fuu, fuu, monga achitira munthu amene wapsa ndi poto.

Kukuwa ndinalephera. Anayamba kubwera, wosapupuluma, ndipo nsapato zake sizinkamveka pamiyala. Anaima pansi pa masitepe a khonde n'kutambasula dzanja lija. Pakati pa chikhatho panali chibowo chakuda. Ndinamva fungo lomwe lija la m'bokosi.

Sanalande. Anangodikira, dzanja lili chitambasulire. Ndinawapatsa ndodo yawo, nanga ndikanatani? Anakulunga waya bwinobwino, mozungulira chigongono, monga ankachitira ali moyo. Anandiyankhula mawu ochepa, motsitsa. Kenako anabwerera cham'mbuyo, chifunga n'kuwatseka.

Chimene chinandidzutsa pamenepo ndi kulira kwa chivindikiro chachitsulo akuchiika pansi m'chipinda muja. Ndinathamanga, ndinagunda mpando, sindinamve n'kupweteka komwe. Amuna anga ndinawapeza bokosi lili yasa, tochi kukamwa, dzanja lamanja likulowa kale.

"Pali kawaya kapsa apa, ndingokakoka," anatero m'mano. "Magetsi azima kalekale."

Ndinawagwira jekete kumsana n'kukoka ndi mphamvu zanga zonse. Tinagwera limodzi pambaula yozima, makala mbwee.

"Wapenga kodi, Julieta?"

"Dzanja m'thumba! Popanda ndodo simulowetsa! Si inu mumanena zimenezo?"

"Nanga ndodoyo ili kuti?"

"Eni ake atenga."

Anandiwalitsa tochi kumaso. Sindikudziwa chimene anaona pankhope panga, koma sanafunsenso. Anatuluka, kuzungulira bwalo lonse, kuunika pamsomali, patsinde pa mlongoti, kuseri kwa bafa. Anabwerako chimanjamanja. Pa wailesi kasingano kanali katagona pansi, phokoso la shii litabwerera. Ndinakoka mpando n'kukhala pakati pa iwo ndi bokosilo mpaka kunja kunayera. Ndinawauza kuti akafuna kulikhudza ayambe andichotsa ine.

Kutangocha tinamva njinga yamoto pageti. Anali Dona Olinda, maso ofiira, atanyamula chinthu chachitali chokulunga m'kapulana. Sanapereke n'moni womwe.

"Kompadre, ndodo iyi sindinakupatseni pamodzi ndi bokosi?"

Anati anaipeza m'mamawa patebulo la malemu, m'chipinda chimene anachikhoma tsiku limene bokosi linachoka. Kiyi amagona naye m'khosi. Chinawadzutsa ndi kuzizira kochokera pansi pa chitseko. Ndodoyo inali yonyowa ndi mame, waya atakulungidwa bwino.

Amuna anga anaitenga. Anabweretsa kamita kawo kamene kamalira waya akakhala wosaduka. Anagunditsa mbali ina ku ngowe, ina kumapeto kwa waya. Sikanalire. Anayesanso. Zii. Anatenga mpeni n'kung'amba chikopa cha wayayo kuyambira ku chogwirira, ndipo pafupi pomwepo mkuwa unali utadyeka, wobiriwira, woduka pakati. Kunja ankaoneka wabwinobwino. Ndodo imeneyo ukanaikhudzitsa m'bokosi tsiku lonse, moto sukanapita kulikonse, iwe n'kumati wachotsa.

Anamangirira waya watsopano, n'kutiuza kuti tiime pakhomo. Dzanja lamanzere analiika m'thumba. Bokosilo linali litagona usiku wonse lozima. Ngowe itangokhudza mkati, kunalira ngati mfuti, kuwala kwa buluu kunadzaza chipinda. Nsonga ya ngowe inasungunuka. Pambuyo pake anapeza kuti kachipangizo kamene kamayenera kumatsitsa motowo pang'onopang'ono kanali katafa kalekale.

Anatuluka n'kukakhala pansi pakhonde, padothi penipeni, bambo wa imvi. Ndinawaona akulira koyamba chikwatiranireni.

"Sunali mtima," anatero. "Anatsata lamulo. Ndodo ndiyo inamunamiza."

Dona Olinda anati posambitsa thupi anaona bala m'chikhatho chamanja, koma anaopa kunena, poti achipatala anali atanena kale zawo. Ine za chikhatho ndinali ndisanauze munthu aliyense.

Nkhani inafika kumpopi tisanamwe n'tiyi yemwe. Ena amati a Marcelino anayenda ulendo wonse uja kudzapulumutsa mnzawo, poti ukompadre suthera kumanda. Ena amanong'ona kuti ayi, munthu wofa mwadzidzidzi amasowa wocheza naye, anabwera kudzawatenga, koma anapeza pakhomo pali mkazi. Amuna anga amakhulupirira zoyambazo. Bokosi analikonza, likugwirabe ntchito, ndipo ndodo amaiyesa ndi kamita nthawi iliyonse asanaigwiritse.

Ine sinditsutsa aliyense. Koma mawu amene ndinauzidwa pakhonde paja sindinawauze amuna anga, ndipo sindidzawauza. Atakulunga waya uja, kompadre anasuzumira pawindo la chipinda cha wailesi, kumene tochi inkayenda, n'kunena mofatsa monga mwa kale:

"Lero ayi, komadre. Lero ayi."

N'chifukwa chake mkazi mnzanga uja sindimusiyanso yekha ndi amuna anga. Juni akafika, chifunga chikatsika, ndimanyamula mbaula ndi lichero langa n'kukakhala m'chipindamo. Iwo amasangalala, amati pamapeto pake ndayamba kuikonda wailesi. Ine maso amakhala pa kasingano.